Mitsempha ya m'khosi ndi matenda a MS: maganizo omwe anayesedwa n'kulephera

Kuyambira kumapeto kwa 2009 mpaka zaka zingapo zotsatira, anthu ambirimbiri odwala multiple sclerosis ankakwera ndege kuchoka ku Canada, ku America ndi ku Britain kupita ku Poland, ku Bulgaria, ku India, ku Mexico ndi ku Costa Rica. Onsewa ankafuna chinthu chimodzi: dokotala woti awafutukulire mitsempha ya magazi ya m'khosi. Ena anachita kukongola ndalama za ulendowo, ena anawasonkhera achibale ndi anzawo. Anali atamva kuti nthenda yawo, imene madokotala a ubongo ankati ilibe mankhwala oichotseratu, mwina gwero lake ndi mitsempha yothina basi, ndiponso kuti kabaluni kakang'ono kangathe kukonza vutolo tsiku limodzi.

Lero zikudziwika kuti sizinali choncho. Komabe nkhaniyi sinafe. Makanema a anthu akudzuka pa njinga ya olumala akadali pa intaneti, ndipo munthu amene wangouzidwa kumene kuti ali ndi nthendayi amawapeza usiku woyamba womwewo akamafufuza pa foni tulo titamuthawa. Munthu ameneyu ndi amene ndikumuganizira polemba izi. Ayenera kumva nkhani yonse, osati chiyambi chake chokha.

Multiple sclerosis, imene ambiri amangoti MS, ndi nthenda ya ubongo ndi chingwe cha minyewa chimene chimadutsa mkati mwa fupa la msana. Minyewa yonyamula mauthenga inakutidwa ndi chinthu chamafuta chotchedwa myelin, monga mmene waya wamagetsi amakutidwira ndi pulasitiki. Mwa wodwala MS, asilikali a m'thupi amatembenukira mwini wake n'kuyamba kuwononga chokutiracho. Pamalopo pamatupa, kenako pamatsala chipsera, ndipo uthenga ukafika pamenepo umachedwa, umasokonekera, mwinanso sudutsa n'komwe. Zimene munthu amamva zimadalira pomwe chipseracho chagwera. Wina diso limodzi limachita mdima, wina mwendo umachita dzanzi, wina amadzandira poyenda, wina chikhodzodzo chimasiya kumumvera. Ambiri amadandaulanso za kutopa kumene sikutha ngakhale munthu atagona usiku wonse.

Mu 2020 padziko lonse panali anthu pafupifupi 2.8 miliyoni amene anali ndi nthendayi. Akazi amaposa amuna kawiri kapena katatu, ndipo kawirikawiri imayamba munthu ali ndi zaka zapakati pa 20 ndi 40, nthawi imene akumanga banja ndi kuyamba ntchito. Pali chinthu chimodzi chimene tiyenera kuchisunga m'mutu chifukwa tibwererakonso: mwa odwala 100 alionse, pafupifupi 85 amayamba ndi mtundu wa MS wobwera n'kupita. Matenda amakula kwa masiku kapena masabata, kenako amachepa okha, nthawi zina mpaka munthu kuoneka ngati wachira, n'kudzabweranso patapita miyezi kapena zaka.

Tsono mitsempha ya magazi ikulowamo bwanji? Magazi akamaliza ntchito yawo mu ubongo amayenera kutsika kubwerera kumtima. Njira zazikulu ndi mitsempha iwiri, wina kumanja kwa khosi wina kumanzere, imene madokotala amaitcha jugular. Magazi ochokera m'dera la msana ambiri amadzera mumtsempha wina wa m'chifuwa wotchedwa azygos. Koma njira si zokhazi. Mozungulira mafupa a khosi ndi a msana muli timitsempha tambirimbiri tolukanalukana ngati ukonde. Munthu akagona chagada magazi ambiri amatsika kudzera mu jugular, koma akangoimirira jugular imaphwa, ndipo magazi ochuluka amapatukira mu ukonde uja. Mitsempha yobweza magazi kumtima ndi yofewa, ya khungu lopyapyala. Imasintha kukula munthu akapuma mozama, akatembenuza mutu, ngakhalenso akakhala ndi ludzu. Anthu awiri sakhala nayo yofanana ndendende, ndipo mwa anthu ambiri jugular ya mbali imodzi imakhala yaikulu kuposa inzake chibadwire.

Kukayikira mitsempha pa nthenda ya MS si kwa lero. Mu 1863 Eduard Rindfleisch, poyang'ana ubongo wa anthu omwalira ndi nthendayi, anaona kuti pakati pa zipsera pamakhala kamtsempha ka magazi. Zimenezi zinachitika Jean-Martin Charcot wa ku Paris asanaifotokoze bwino nthendayi mu 1868. Mu 1916 James Dawson wa ku Edinburgh anafotokoza zipsera zotambalala motsatira timitsempha ta mkati mwa ubongo, zimene mpaka pano madokotala amazitcha zala za Dawson. M'zaka za m'ma 1930 Tracy Putnam wa ku America anaganiza kuti magazi amaundana m'timitsempha timeneti, ndipo pambuyo pake anayesa kupereka mankhwala osungunula magazi, koma sizinaphule kanthu. M'ma 1980 dokotala wa ku Austria, Franz Schelling, ananenanso kuti mwina magazi amabwerera chammbuyo n'kuvulaza ubongo. Choncho funso lakuti kamtsempha kaja kakufunanji pakati pa chipsera linali lakale, ndipo linali loyenera kufunsa.

Amene analiutsanso mwamphamvu ndi Paolo Zamboni, dokotala wa opaleshoni ya mitsempha ya magazi pa yunivesite ya Ferrara ku Italy. Akazi awo anali ndi MS. Pa ntchito yawo ankaona tsiku ndi tsiku zimene zimachitika m'miyendo ya anthu amene mitsempha yawo sibweza bwino magazi: magazi amadikha, ayironi amaunjikana pakhungu, pamatupa, kenako pamabuka chilonda. Popeza m'mbali mwa zipsera za MS mumapezekanso ayironi, iwo anaganiza kuti mwina mu ubongo mukuchitika zomwezo. Anati mitsempha ya jugular ndi azygos ikathina kapena ikapindika, magazi amalephera kutsika bwino, ena amabwerera m'mwamba, ayironi amatayikira mu ubongo, ndipo asilikali a m'thupi amabwera pambuyo kudzalimbana ndi zimene zawonongeka kale. Vutoli analipatsa dzina lalitali limene chidule chake ndi CCSVI, kutanthauza kulephera kwa nthawi yaitali kwa mitsempha yotsitsa magazi a mu ubongo ndi mumsana.

Mu 2009 anatulutsa zotsatira zimene zinadabwitsa aliyense. Anaunika odwala MS 65 ndi anthu ena 235 opanda MS pogwiritsa ntchito makina a Doppler, amene amaonetsa kayendedwe ka magazi. Anaika zizindikiro zisanu, ndipo munthu akakhala ndi ziwiri mwa izo ankawerengedwa kuti ali ndi CCSVI. Odwala MS onse anapezeka nayo. Mwa enawo panalibe ndi mmodzi yemwe. Chakumapeto kwa chaka chomwecho anafalitsanso zotsatira za chithandizo: dokotala amalowetsa kachubu kowonda mumtsempha wa m'mphechepeche mwa ntchafu, n'kukayendetsa mpaka m'khosi kapena m'chifuwa, kenako n'kupopa kabaluni kamene kali kunsonga kuti mtsempha ufutukuke. Odwala ambiri, makamaka a mtundu wobwera n'kupita uja, ananena kuti akupezako bwino.

Kwa munthu wozolowera kuwerenga kafukufuku wa zachipatala, zotsatira zoyera chonchi zimachititsa mantha m'malo mosangalatsa. Thupi la munthu silichita zinthu mwa "onse" ndi "palibe". Kafukufuku wa chithandizoyo analibenso gulu loyerekezera nalo, ndipo odwala ndi madokotala omwe ankadziwa kuti opaleshoni yachitika. Komanso pafupifupi theka la odwala amene anafutukulidwa jugular, mitsemphayo inadzathinanso. A Zamboni eni ake ananena kuti pakufunika kafukufuku wina wokhwima, ndipo analangiza odwala kuti asasiye mankhwala awo. Mawu amenewo anamira m'phokoso limene linatsatira.

Mu November 2009 pulogalamu ya W5 ya pa wailesi yakanema ya CTV ku Canada inaonetsa nkhaniyi. Canada ndi limodzi mwa mayiko amene MS ndi yofala kwambiri, moti mabanja ambiri amadziwa wina amene ali nayo. Chithandizocho chinayamba kutchedwa opaleshoni yomasula, ndipo m'masabata ochepa pa Facebook panabuka magulu ambirimbiri a odwala. Anthu anachita zionetsero, aphungu anayankhula m'nyumba ya malamulo, ndipo boma la chigawo cha Saskatchewan linalonjeza ndalama za kafukufuku. Madokotala a ubongo amene ankati tiyeni tidikire umboni ananenedwa kuti agulidwa ndi makampani a mankhwala.

Ine sindingawanyoze odwala amenewa, ndipo amene amawanyoza sanaganizepo bwino. Tangoganizani munthu wa zaka 35 amene chaka chilichonse mtunda umene angayende ukufupikirafupikira. Mankhwala amene analipo nthawi imeneyo ambiri anali obaya, odula, odwalitsa, ndipo sankabweza zimene zatayika kale. Kwa amene anali ndi MS yongokulirakulira panalibe mankhwala ovomerezeka oti angadalire. Ndiyeno pabwera munthu ndi kufotokoza kosavuta kumva, kwakuti ngalande yatsekeka, tiyeni tiitsegule. Kumuuza wodwala wotere kuti adikire zaka zisanu n'kumuuza kuti adikire mpaka miyendo itafa. Odwalawo ankanenanso zoona pa mfundo imodzi: maganizo achilendo sayenera kutayidwa chifukwa chongoti abwera ndi munthu wa nthambi ina ya zachipatala. Ayenera kuyesedwa. Ndipo anayesedwadi. Mu June 2010 mabungwe a MS a ku Canada ndi ku America anaika ndalama zokwana madola 2.4 miliyoni pa ntchito zisanu ndi ziwiri zofufuza nkhaniyi.

Funso loyamba linali lakuti, kodi CCSVI imapezekadi mwa odwala MS okha? Mu 2010 ofufuza a ku Germany anaunika odwala 56 ndi anthu athanzi 20, ndipo sanapeze ndi mmodzi yemwe wokwanira zizindikiro za a Zamboni. Ku Buffalo ku America, gulu la Robert Zivadinov linaunika anthu pafupifupi 500 n'kupeza CCSVI mwa 56 peresenti ya odwala MS, komanso mwa 23 peresenti ya anthu athanzi ndi 42 peresenti ya odwala matenda ena a ubongo. Kusiyana kwakukulu chonchi pakati pa malo ndi malo kunali kukuloza vuto la muyeso weniweniwo. Kuunika kwa Doppler kumadalira kwambiri dzanja la wounikayo. Akangokanikiza pang'ono chipangizocho pakhosi, mtsempha wofewa uja umaphwa n'kuoneka wothina. Ndipo ngati wounikayo akudziwa kuti amene wagona patsogolo pake ndi wodwala MS, zimene n'zovuta kubisa munthu akabwera ndi ndodo, maso ake amayamba kupeza zimene akuyembekezera, iye osadziwa n'komwe.

Ku Italy komweko kunachitika kafukufuku wamkulu wotchedwa CoSMo, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Anthu oposa 1,700 anaunikidwa, ndipo zithunzi zinawerengedwa ndi akatswiri osadziwa kuti wodwala ndi uti. CCSVI inapezeka mwa anthu pafupifupi 3 mwa 100 odwala MS ndi pafupifupi 2 mwa 100 athanzi.

Kafukufuku amene ine ndimaona kuti anathetsa mkangano ndi wa ku Canada, wotsogoleredwa ndi Anthony Traboulsee wa ku yunivesite ya British Columbia, amene anafalitsidwa m'magazini ya The Lancet chakumapeto kwa 2013. Iwo sanadalire Doppler yokha. Analowetsa kachubu m'mitsempha n'kuthiramo mankhwala oonekera pa X-ray, njira imene aliyense, a Zamboni omwe, ankavomereza kuti ndi yodalirika koposa. Anaunika anthu 177: odwala MS, abale awo obadwa nawo amene alibe MS, ndi anthu ena athanzi osakhala pachibale. CCSVI monga anaifotokozera a Zamboni inapezeka mwa anthu awiri kapena atatu okha pa 100 alionse m'magulu onse atatu. Koma mitsempha yothina kupitirira theka inapezeka mwa 74 peresenti ya odwala, 66 peresenti ya abale awo ndi 70 peresenti ya anthu ena aja. Kunena kwina, mukatenga anthu khumi athanzi mumsewu n'kuwaunika khosi, asanu ndi awiri mudzawapeza ndi mtsempha wothina penapake. Ndi mmene anthu tinapangidwira. Odwala amene anaonetsedwa chithunzi cha mtsempha wawo wothina sananamizidwe pa zimene anaona. Chimene sanauzidwe n'chakuti dokotala amene ankawaonetsa chithunzicho mwina nayenso anali nawo wotero.

Palinso umboni wina umene unali poyera kuyambira kale. Odwala khansa ya m'khosi nthawi zina amachotsedwa jugular yonse pa opaleshoni, ndipo anthu ena mitsempha imeneyi imatsekeka chifukwa cha magazi oundana. Ngati kutsekeka kwa njira kukanakhala kumayambitsa MS, anthu amenewa akanakhala oyamba kudwala, koma madokotala saona zimenezo. Magazi amangopeza njira zina.

Funso lachiwiri linali lakuti, kaya chifukwa chake n'chiyani, kodi kabaluni kamathandiza? Njira yoyankhira ndi imodzi yokha. Odwala amagawidwa mwa maere. Onse amalowa m'chipinda cha opaleshoni, onse amalowetsedwa kachubu, koma ena okha ndi amene baluni imapopedwadi. Wodwala sadziwa gulu lake, ndipo dokotala womuyeza pambuyo pake sadziwanso. Kafukufuku woyamba wotere, wa ku Buffalo, anali wa anthu 19 okha ndipo sanaonetse phindu. Wa ku Canada anali ndi anthu 104, ndipo zotsatira zake zinalengezedwa mu March 2017: patatha masabata 48 panalibe kusiyana pakati pa magulu awiriwo, kaya pa zimene odwala ankanena okha, pa zimene madokotala anayeza, kapena pa zithunzi za MRI, makina ojambula mkati mwa ubongo. M'magulu onse awiri munali anthu amene ananena kuti akumva bwino atangotuluka mu opaleshoni.

Kenako mu November 2017 munatuluka zotsatira za kafukufuku wa a Zamboni eni, wotchedwa Brave Dreams, wa odwala 115. Mawu omaliza a lipotilo, limene dzina lawo linali loyamba pa olemba, anali akuti njirayi siivulaza kwambiri koma siithandiza, ndipo siyenera kulimbikitsidwa kwa odwala MS. Pa ichi ndimawalemekeza, chifukwa si ambiri amene amavomera kuika maganizo amene anawatchukitsa pa muyeso umene ungawagwetse, n'kusainira zotsatira zake. Pambuyo pake iwo anapitiriza kunena kuti mwina pali kagulu kena ka odwala kamene kangapindule, koma zimenezo anazipeza pobwerezanso kusanthula manambala omwewo, ndipo umboni wotero sukwanira kuikira munthu kachubu m'khosi. Mu 2019 bungwe la Cochrane, limene limasonkhanitsa ndi kusanthula kafukufuku wa zachipatala, linaphatikiza zotsatira za anthu 238 n'kunena kuti phindu palibe ndipo sipakufunikanso kafukufuku wina wa mtunduwu.

Nanga anthu a m'makanema aja ankanama? Ayi. Apa m'pamene tibwerere ku mfundo tinasunga ija. MS imabwera n'kupita, ndipo munthu amafunafuna thandizo lachilendo pamene zinthu zafika poipa, nthawi imene mwachibadwa cha nthendayi kupepukidwa kumakhala kuli pafupi. Kuwonjezera apo, chiyembekezo chili ndi mphamvu yeniyeni pa thupi. Kutopa, ululu, mutu wolemera, kuzizira kwa mapazi, ngakhalenso liwiro la kuyenda mtunda waufupi, zonsezi zimasintha munthu akakhulupirira kuti wathandizidwa, makamaka ngati wawoloka nyanja, walipira ndalama zambiri ndipo anthu onse amene anamusonkhera akumuyang'ana. Zimene anamvazo zinali zenizeni, koma sizinachokere ku baluni, ndipo sizinaletse myelin kupitiriza kuwonongeka. Kanema amajambulidwa sabata yoyamba. Amene zinthu zinabwerera mwakale patatha miyezi isanu ndi umodzi sankajambulanso, ndipo ena amene anayesa kunena zimenezi m'magulu a pa intaneti sanalandiridwe bwino.

Panalinso ovulala. Madokotala ena sanalekere pa baluni, anayamba kusiya m'mitsempha kachitsulo kolukidwa kotchedwa stent kuti mtsempha usathinenso. Tizitsulo timeneti sitinapangidwire jugular, imene imakula ikamayandikira kumtima. Ku California mu 2009, stent ya wodwala wina inasuntha n'kukalowa mumtima moti anachita kung'ambidwa chifuwa kuti aichotse, ndipo mayi wina amene ankamwa mankhwala osungunula magazi ataikidwa stent anamwalira magazi atatayikira mu ubongo. Mu 2010 bambo wina wa ku Ontario ku Canada anamwalira ku Costa Rica atabwererako chifukwa magazi anaundana pamalo a stent. Ena anabwerera kwawo ndi mitsempha yotsekeka kotheratu imene poyamba inali yabwinobwino. Mu May 2012 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjeza anthu za njirayi, ndipo mu 2017 linachenjezanso pamene opaleshoni yomweyo inayamba kugulitsidwa ndi dzina lina, ponena kuti imakonza minyewa yoyendetsa ziwalo zamkati. Kuvulala kumene sikuoneka m'manambala ndi kwa anthu amene anasiya mankhwala awo poganiza kuti achira.

Kulephera kwa CCSVI sikunachotse mitsempha ya magazi pa nkhani ya MS. Kamtsempha kamene Rindfleisch anakaona kalipodi, koma ntchito yake ndi ina. Ndi pakhomo pamene asilikali a m'thupi amatulukira m'magazi n'kulowa mu ubongo, n'chifukwa chake chipsera chimamera mokazungulira. Mankhwala a natalizumab, amene anavomerezedwa koyamba mu 2004, amagwira ntchito pakhomo pomwepo poletsa asilikaliwo kumamatira kukhoma la mtsempha, ndipo amachepetsa kwambiri kubwerabwera kwa matenda. Makina amakono a MRI amatha kuonetsa kamtsempha ka pakatiko munthu ali moyo, ndipo pamene malamulo ozindikirira MS otchedwa McDonald anakonzedwanso mu 2024, chizindikirochi chinalowetsedwamo kuti chizithandiza kusiyanitsa MS ndi matenda ena ofanana nayo pa chithunzi.

Pa za gwero la nthendayi, umboni wamphamvu unachokera kwina. Mu January 2022 ofufuza a ku Harvard anafalitsa zimene anapeza m'magazi osungidwa a asilikali a nkhondo a ku America oposa 10 miliyoni: chiopsezo cha MS chinkakwera ka 32 munthu akatenga kachirombo ka Epstein-Barr. Kachiromboka pafupifupi munthu wamkulu aliyense ali nako, choncho pakokha sikakwanira. Chibadwa, kusuta fodya, kuchepa kwa vitamini D ndi kunenepa kwambiri paunyamata zimathandizira. Mankhwala nawo achuluka kuyerekeza ndi 2009. Pali akumwa, ndipo mu 2017 ocrelizumab anakhala mankhwala oyamba kuvomerezedwa pa MS yongokulirakulira kuyambira pachiyambi.

Wodwala amene akufuna kusamalira mitsempha yake ali nazo zochita, ngakhale n'zosachititsa chidwi ngati ulendo wa pandege. Odwala MS amene alinso ndi kuthamanga kwa magazi, shuga kapena mafuta ambiri m'magazi amalumala msanga kuposa anzawo, chimodzimodzinso amene akupitiriza kusuta. Ubongo umene ukulimbana kale ndi zipsera sutha kupirira bwino vuto lachiwiri. Kuyezetsa magazi ndi shuga, kusiya fodya ndi kulimbitsa thupi monga mmene miyendo ikulolera ndi mbali ya chithandizo cha MS, pamodzi ndi mankhwala amene dokotala wa ubongo wapereka. Ndipo ngati wina wakuonetsani chithunzi cha khosi lanu n'kuloza pamene mtsempha wathina, mufunseni kuti mwa anthu khumi opanda MS ndi angati amene ali ndi pothina potero, komanso kuti ndi kafukufuku uti wogawa odwala mwa maere amene anaonetsa kuti kupafutukula kumathandiza.